Kalata yotseguka: tisanafese mbande, tiyambe tajambula magombe a mitsinje yothira mu Shire

Kwa Olemekezeka a Nduna oona zachilengedwe,
Mkulu wa Nthambi ya Zankhalango,
Mabwanamkubwa a Ntcheu, Balaka, Neno, Mwanza ndi Blantyre,
Akuluakulu a EGENCO ndi Blantyre Water Board,

Olemekezeka,

Ndikukupemphani kuti nyengo yodzala mitengo ikubwerayi isanatsegulidwe pa 15 December, mukhale mutatulutsa mapu oonetsa mtsinje uliwonse wothira mu Shire pakati pa Liwonde ndi Kapichira, oonetsa pomwe gombe lili ndi mitengo ndi pomwe lili mbee. Mapuwo aikidwe poyera, ndipo mbande zonse zogulidwa ndi ndalama za boma, za makampani a boma kapena za ngongole zipite komwe mapuwo aloza.

Nokha mukudziwa mmene zimakhalira chaka ndi chaka. Nyengo imatsegulidwa ndi mwambo, gule amavinidwa, mlendo wolemekezeka amagwira khasu latsopano, ndipo April akafika timamva kuti mitengo mamiliyoni mwakutimwakuti yadzalidwa. Sindikunyoza mwambowo, poti umakumbutsa anthu. Vuto langa lili pa kasankhidwe ka malo. Kawirikawiri malo amasankhidwa chifukwa galimoto ingathe kufikapo, chifukwa pali bwalo la sukulu loti anthu akhale, kapena chifukwa mfumu ya pamenepo imadziwana ndi a ku khonsolo. Zotere n'kupaka mankhwala pamwendo wopanda bala. Khwawa lomwe likutaya dothi lambiri lili kutali ndi msewu, kumtunda kwa Neno kapena m'mapiri a Ntcheu, ndipo palibe amene adaliyeza.

Dothi limenelo limathera kwa inu, a EGENCO ndi a Water Board. Rivirivi, Lirangwe, Lunzu, Lisungwi ndi Mkulumadzi yonseyi imathira mu Shire m'chigawo chomwechi momwe muli Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Madzi ambiri akumwa a mzinda wa Blantyre amapopedwa pa Walker's Ferry, pa Shire yemweyo. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amafika ofiira, matope amakhazikika m'madamu, malo osungira madzi amachepa, mchenga umadya makina, ndipo ndalama zimapita ku makina okumba matope ndi ku mankhwala oyeretsera madzi. Kuyambira pamene malo opangira magetsi a Nkula A adayamba kugwira ntchito mu 1966, anthu m'zigwa zimenezi achuluka kangapo, ndipo minda yafika pakamwa penipeni pa madzi.

Ndisakunamizeni kuti mitengo ikadaletsa namondwe Ana, amene mu January 2022 adaononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, kapena Freddy wa mu March 2023. Mvula ya mtundu umenewo imazula ndi mikuyu yomwe. Koma matope ambiri amene amadzaza madamu amabwera ndi mvula wamba ya January ndi February, chaka chilichonse, kuchokera m'magombe ogumuka ndi m'zigwembe. Amenewo ndi omwe mizu ya mitengo, nsungwi, bango ndi udzu zingathe kugwira.

Ntchito yojambulayo si yovuta monga ena amaionetsera akamalemba mapepala opempha ndalama. Pulogalamu yojambulira mapu ya QGIS ndi yaulere, ndipo imayenda pa laputopu wamba. Chithunzi choonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka ya dziko lonse lino chilipo kuchokera ku ntchito ya SRTM ya a NASA, yomwe idachitika mu February 2000, ndipo kabokosi kalikonse pachithunzipo n'ka mamita 30. Kompyuta ikapatsidwa chithunzi chimenechi imawerengera kumene dontho lililonse la mvula lingatsetserekere, ndipo pomwe madontho ambiri akukumana imajambula mzere. Mizereyo ndiyo mitsinje ndi mifuleni, kuphatikizapo timakwawa tomwe pa mapu akale a Nthambi ya Surveys palibe. Kenako mumauza kompyutayo kuti ijambule lamba mbali zonse ziwiri za mzere uliwonse, kaya wa mamita 15 kaya 30, n'kudula lambayo m'zidutswa za theka la kilomita. Pamwamba pake mumaika zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zomwe a ku Ulaya amapereka kwaulere, zojambulidwa masiku asanu aliwonse. Apo kompyuta imatha kunena kuti chidutswa ichi chili ndi mitengo pafupifupi ponse, ichi pang'ono, ichi chilibiretu. Mukaonjezapo kutsetsereka kwa malo ndi mtundu wa dothi, zidutswa zija zimadzisanja zokha: zofiira zofuna thandizo lero, zachikasu zodikira, zobiriwira zongofunika kutetezedwa. Zithunzi za setilaiti ina, ya Landsat, zomwe zidakhala zaulere mu 2008, zimakubwezani mpaka zaka za m'ma 1980, kotero mungathe kuona chaka chomwe gombe lidametedwa.

Phindu lake loyamba n'lakuti bajeti imayamba kulankhula zoona. Kilomita imodzi ya mtsinje, ndi lamba wa mamita 15 mbali iliyonse, ndi mahekitala atatu. Mukadzala motalikitsa mamita atatu, pamafunika mbande zoposa 3,000. Mkulu wa zankhalango paboma akadziwa kuti ali ndi makilomita angati ofiira, amadziwanso machubu angati, nazale zingati, ndiponso kuti nazalezo zikhale mudzi uti. Lero timayamba ndi chiwerengero cha mbande, kenako n'kumafunafuna poziika.

Ena adayamba kale. Ku America, m'chigwa cha Chesapeake Bay, adajambula nthaka yonse ndi zithunzi za kabokosi ka mita imodzi, ndipo amagwiritsa ntchito mapuwo posankha minda yomwe magombe ake akufunika mitengo. Ife tilibe ndalama zawo, koma anthu tili nawo. Mzuzu University imaphunzitsa zankhalango ndi zoyeza malo. LUANAR ili ndi ophunzira amene amalemba kafukufuku wa mitsinje, n'kumusiya m'laibulale. African Drone and Data Academy, yomwe a UNICEF adatsegula mu 2020, yatulutsa achinyamata odziwa kuulutsa droni ndi kuwerenga zithunzi zake. Pali koleji ya zankhalango ku Dedza, pali FRIM, bungwe lofufuza zankhalango, ku Zomba. Ngakhale poika mapuwo palipo kale: tsamba la MASDAP, lomwe boma lidakhazikitsa kuti mapu a dziko lino azipezeka pamodzi.

Ndikudziwa kuti mudzandiyankha kuti mapu alipo. Inde, mu 2017 boma lidatulutsa ndondomeko yobwezeretsa nkhalango ndi nthaka, titalonjeza pansi pa AFR100 ndi Bonn Challenge, mapangano a mayiko obwezeretsa nkhalango, kuti tidzakonza mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo kukonza magombe a mitsinje ndi imodzi mwa njira zisanu zomwe ndondomekoyo idatchula. Pulojekiti yosamalira chigwa cha Shire, ya Shire River Basin Management Program, idagwira ntchito kumtunda kwa Lisungwi ndi Mkulumadzi, ndipo mu 2020 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza ndalama zokwana madola 157 miliyoni za MWASIP, pulojekiti ina yosamalira zigwa za mitsinje. Mapu ambiri adajambulidwa m'ntchito zimenezi. Koma mapu a dziko lonse pa tsamba limodzi la lipoti sathandiza mlangizi wa ku Lisungwi amene akufuna kudziwa kuti ayambire khwawa liti. Ndipo mapu okhala m'kompyuta ya katswiri waganyu amapita naye pulojekiti ikatha. Mapu amene ndikupempha ndi a mulingo wa gulupu, osindikizidwa papepala lalikulu, okhala ndi mayina a mifuleni monga eni ake amaitchulira, opachikidwa kwa T/A, ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo ndi ku khonsolo.

Apa ndichedwepo, chifukwa kompyuta imanama, ndipo imanama molimba mtima. Wosaidziwa adzakhulupirira mtundu wofiira ndi wobiriwira ngati mawu a m'Baibulo.

Kabokosi ka Sentinel-2 n'ka mamita 10 m'litali ndi m'lifupi. Lamba wa mamita 15 ndiye kuti ndi kabokosi kamodzi ndi theka. Mzere wa mtsinje wochokera ku SRTM ukaphonya ndi mamita 20 okha, zomwe zimachitika kwambiri m'malo athyathyathya ngati Balaka, kompyuta imayeza munda wa chimanga n'kunena kuti gombe lilibe mitengo, pamene mikuyu ili chiimire pambali. Mitsinje yamchenga ngati Rivirivi imasunthanso njira mvula ikachuluka, ndipo chithunzi cha mu 2000 sichidziwa zimenezo. Choncho mizere ya mitsinje iyenera kukonzedwa ndi dzanja, munthu akuyang'ana zithunzi zooneka bwino monga za Google Earth, kapena mapu a kutalika kwa mitengo a kabokosi ka mita imodzi amene a Meta ndi World Resources Institute adatulutsa mu 2024. Ndi ntchito yotopetsa maso, yoyenera ophunzira makumi angapo pa tchuthi chimodzi.

Bodza lachiwiri ndi la kubiriwira. Setilaiti siona mtengo, imaona masamba obiriwira. M'dzinja zonse n'zobiriwira, ndipo nthawi zambiri mitambo imaphimba. Mukadikira September, minda ya kumtunda ili gwaa, koma m'mbali mwa mitsinje muli madimba: mpiru, matimati, mondokwa, nzimbe, nthochi. Kompyuta imaona kubiriwirako n'kulemba kuti gombe lili bwino, pamene ndi pomwe khasu lafika m'madzi. Njira yake ndi kufanizira zithunzi za miyezi ingapo, kuyambira May mpaka November, chifukwa dimba limasintha mtundu likakololedwa, pamene m'bawa ndi nyowe sizisintha. Msangu nawo uli ndi khalidwe lake: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, moti wojambula wosaudziwa adzausowa pa chithunzi cha February.

Chachitatu ndi dambo, ndipo ichi chimandidetsa nkhawa kuposa zonse. Pa mapu, dambo limaoneka ngati mtsinje wopanda mitengo, ndiye limatuluka lofiira kwambiri. Koma dambo silidakhalepo ndi mitengo. Ndi udzu ndi dothi lakuda lomwe limamwa madzi m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mukatumizako bulugamu chifukwa mapu atero, mwaumitsa mtsinje ndi ndalama zathu zomwe. Madambo alembedwe padera, ndi mtundu wawo, ndipo lamulo likhale lakuti m'menemo simudzalidwa mtengo.

Poti ndatchula bulugamu: mapu amanena malo, sanena mtengo. Nazale zambiri zimafesa bulugamu ndi kesha chifukwa njere zake sizivuta ndipo zimamera msanga, kotero chiwerengero chimakula. M'mbali mwa madzi mukufunika mitengo yomwe idali momwemo kale: m'bawa, mkuyu, nyowe, mwimbi, mthethe, ndi nsungwi. Pagombe lomwe likugumuka, mtengo wokha sukwanira, chifukwa madzi amaukokolola usanazike mizu. Pamayamba vetiva, nsenjere kapena bango m'munsi, mitengo n'kubwera pambuyo pake. Ndiponso pali malo ambiri omwe safuna mbande n'komwe. Zitsa zilipo, zamoyo, zikungodikira kuti mbuzi, moto ndi nkhwangwa zizileke. Kusamalira mphukira n'kotsika mtengo, ndipo mtengo wophuka pachitsa suopa chiswe ndi ng'amba ngati mbande ya m'chubu. Chidutswa chilichonse chofiira chikayenderedwa, woyenderayo alembe ngati chikufuna kudzala, kusamalira mphukira, udzu, kapena kutseka chigwembe kaye. Foni wamba yokhala ndi pulogalamu ya KoboToolbox imalemba zimenezi pamodzi ndi chithunzi ndi malo enieni, ngakhale kopanda netiweki.

Tsopano nkhani yomwe mapu sangaione konse. Lamba wofiirayo ali ndi mwini. Ndi dimba la mayi amene munda wake wa kumtunda sukwana hekitala, ndipo chimanga cha m'nkhokwe chimamuthera mu October. Ndiwo zamasamba zomwe amagulitsa pamsika wa Lunzu kapena pa Zalewa ndizo zimalipira fizi ndi kugula feteleza. Boma lomweli, kudzera ku unduna wa zaulimi, lakhala likumulimbikitsa kulima kawiri pachaka, mpaka kumupatsa thiredo pampu. Mawa kukafika mlangizi wa zankhalango ndi mapu, n'kumuuza kuti abwerere m'mbuyo mamita 15, adzavomera pamsonkhano chifukwa amfumu ali pomwepo. Mbande zidzadzalidwa, chithunzi chidzajambulidwa, ndipo pofika August mbandezo zidzakhala zitauma modabwitsa. Palibe amene adzazule masana.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mapuwo apite kumudzi asanamalizidwe. Anthu a pamalopo, komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe (VNRMC), komiti ya zamalo yomwe lamulo la 2016 la malo a makolo lidakhazikitsa, ndi eni madimba eni akewo, makamaka amayi poti kuno malo amayenda mwa chikamwini, aone pepalalo n'kulikonza. Adzakuuzani kuti apa ndi manda, apa ndi pomwera ng'ombe, apa mtsinje udadutsa kale uko, apa pali mkangano wa malire womwe uli kwa a gulupu. Adzakuuzaninso pomwe angalolere mamita asanu okha a nsenjere ndi mzere umodzi wa mango ndi mapeyala, ndipo ine ndikuti landirani. Mamita asanu amene akhalapo amagwira dothi kuposa mamita 30 a papepala. Nsenjere imadyetsa mbuzi, nsungwi zimagulidwa ndi oluka madengu ndi omanga, zipatso zimapita kumsika. Gombe limene likubweretsa kangachepe m'thumba silifuna mlonda.

Ndipo pomwe dimba liyenera kuchoka ndithu chifukwa gombe ndi loopsa, wopindula alipire. A EGENCO ndi a Water Board, ndinu amene ndalama zanu zimapulumuka dothi likakhala kumtunda. Mumagula kale mbande chaka chilichonse, ndipo tikukuyamikani. Gawo la ndalama zimenezo likadapita kwa midzi monga malipiro a chaka ndi chaka pa kilomita iliyonse ya gombe yomwe yasungidwa, mukadagula chinthu chomwe mungathe kuchiona. Kale malipiro otere ankavuta chifukwa panalibe njira yotsika mtengo yotsimikizira kuti mudzi wasungadi. Lero setilaiti yomweyo imadutsa masiku asanu aliwonse, ndipo siilandira alawansi.

Mwina apa ndi pomwe pempho langa lidzavute kulandirika, chifukwa mapu omwe amaonetsa pofunika kudzala amaonetsanso pomwe tidanena kuti tadzala. Malo aliwonse odzalidwa ndi ndalama za anthu alembedwe malire ake pa mapu, ndi tsiku, ndi mtundu wa mitengo, ndi bungwe lomwe lidadzala. Mbande ya chaka chimodzi siioneka kuchokera kumwamba, kotero zaka ziwiri zoyamba pafunika munthu wowerenga ndi maso kumapeto kwa chilimwe, mu October kapena November, nthawi yomwe moto, mbuzi ndi dzuwa zamaliza ntchito yawo. Kuyambira chaka chachitatu kapena chachinayi zithunzi zimayamba kuyankha zokha. Pamenepo tidzadziwa kuti ndi mabungwe ati amene amadzala malo amodzimodzi chaka chilichonse n'kumawawerenga ngati atsopano, ndi midzi iti imene yasunga nkhalango yake popanda woithokoza. Lipoti la nyengo yodzala mitengo lisiye kutiuza mbande zomwe zidatuluka m'nazale; litiuze makilomita a gombe amene asintha kuchoka kufiira kupita kubiriwira.

Lamulo likukulolezani kale zonsezi. Lamulo la zamadzi la 2013 lidakhazikitsa National Water Resources Authority ndipo limalola kukhazikitsa makomiti oyang'anira zigwa za mitsinje. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, limazindikira nkhalango za m'midzi ndi makomiti ake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, kotero mapu ojambulidwa ndi ndalama za ngongole yomwe ana athu adzabweze si chinsinsi cha ofesi iliyonse. Chosowa ndi munthu mmodzi wolamula kuti a zankhalango, a zamadzi, a zosamalira nthaka ku unduna wa zaulimi ndi a Surveys agwiritse ntchito mapu amodzi. Pakali pano aliyense ali ndi ake, ndipo ngakhale kukula kwa lamba wosalimidwa m'mbali mwa mtsinje mlimi amamva mamita osiyana kutengera ofesi yomwe mlangizi wachokera. Olemekezeka a Nduna, munthu ameneyo ndinu.

Nthawi ndi yomwe ikutipanikiza. Njere zimafesedwa m'machubu kuyambira August kuti mbande zikhale zokhwima mvula ikakhazikika, ndiye kuti malo ndi mitundu ya mitengo ziyenera kudziwika July asanathe. Ngati mitsinje isanu yonse ndi yambiri kwa chaka chimodzi, yambani ndi umodzi. Ndingasankhe Lunzu kapena Lirangwe, chifukwa ndi yaifupi, ili pafupi ndi maofesi anu a ku Blantyre, ndipo dothi lake limalowa mu Shire kufupi ndi pomwe mumapopa madzi ndi kupanga magetsi. Ophunzira ajambule m'miyezi ya May ndi June, alangizi ndi makomiti a m'midzi ayende m'magombe mu July, mapu okonzedwa aikidwe pa MASDAP ndi kwa mafumu mu August. Mutiuzenso dzina la ofesi yomwe idzasunge mapuwo ndi kuwakonza chaka chilichonse, kuti tidziwe khomo logogoda tikafuna kuona za mtsinje wakwathu.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa jogalafe, wokhala m'mbali mwa mtsinje wa Lunzu